Tsiku Limene Anamzere Anakalipira Apongozi Awo

Aliyense amene anakwerapo msewu wa ku mgodi amawadziwa Anamzere, ndipo ambiri anawadziwa atakwiya. Nyumba yawo yogona alendo ili pakatikati pa phiri, pamene basi imafika injini itatentha. Ukayang'ana kumunsi, tauni imaoneka ngati mpunga wotayikira pansi. Kumtunda kwatsala makona ena makumi atatu kuti ukafike kumene anthu amakumba miyala, pamwamba penipeni, mamita oposa zikwi zinayi. Nyumbayo ili ndi zipinda zisanu ndi zitatu, khitchini, ndi khonde lalitali la simenti. Pakhondepo pali mzere woyera wa penti, wautali mapazi khumi ndi awiri, ndipo dzina lawo linachokera pamenepo.

Lamulo la panyumbapo silisintha. Wochokera kumunsi amagona masiku awiri asanapitirire. M'mawa wa tsiku lonyamuka alendo onse amandanda pakhonde, Anamzere n'kuima kutsogolo kwawo atavala juzi yofiira, manja m'chiuno.

"Mutu uli bwanji? Mwadya? Mwagona?"

Woyankha bwino amamuyendetsa pa mzere, chidendene cha phazi ili kugunda chala cha phazi linalo, osagwira khoma. Wa mutu wopweteka amatsalira tsiku lina. Wodzandira pa mzere, kapena wopuma wefuwefu atangokhala pampando, alibe mpata wotsutsa. Amabwerera kumunsi pa galimoto yoyamba. Madalaivala a msewuwo, ngakhale aliuma aja, sanyamula munthu amene Anamzere sanamuloleze.

Nzeru zimenezi sanazitole m'mabuku. Sukulu anailekeza panjira, n'kukalowa ntchito yokolopa pachipatala cha m'tauni ya kumunsi. Zaka zisanu ndi ziwiri anakolopa wodi imene ankagonekamo anthu otsitsidwa kuphiri, ena milomo ili bii, ena akutsokomola thovu. Dokotala wina wokalamba ataona kuti mtsikana wa chikolopa uyu akufunsa mafunso kuposa ophunzira ake, anayamba kumuyankha. Ndi iyeyo anamuonetsa za mzere, n'kumuuza kuti munthu akayamba kudzandira kumtunda, ubongo wayamba kutupa, ndipo mankhwala ake aakulu ndi kutsika naye.

"Phiri silidana ndi munthu," amatero Anamzere akamathira tiyi. "Kungoti kuno mpweya ndi wochepa. Kumunsi mukapuma kamodzi mwakhuta, kuno mwangolawa. Thupi limazolowera lokha, koma silifuna kukankhidwa. Imwani madzi. Valani chipewa, dzuwa la kuno limawotcha ngakhale kukuzizira. Mowa ndi mapiritsi a tulo, zimenezo zigone m'chikwama. Kuthamanga sikufika, abale anga."

Ong'ung'udza sasowa, makamaka odzimva mphamvu. Anyamata onyamula zitsulo, zifuwa zawo ngati zitseko, afikapo pakhondepo akuseka, mawa lake n'kupezeka akusanzira maluwa a Anamzere. Pomwe mayi wina wonenepa wogulitsa mabulangete amadutsa pa mzere akuimba nyimbo. Phiri siliyang'ana minofu, ndipo ndimalikonda chifukwa cha chimenecho.

Amuna awo ndi dalaivala wa minibasi ya msewu womwewo. Anthu amawatcha a Giyawani, poti giya yachiwiri amaiona ngati tchimo. Ndi munthu wofatsa, wosapsa mtima ngakhale lole imuimbire hutala kuchoka pakona yoyamba mpaka yomaliza. Pansi pa mpando wakumbuyo wa minibasi yawo pamakhala silinda ya okosijeni, chifukwa mayi anatero.

Ndiye mungaganize kuti mayi wotere saopa munthu. Mwalemba m'madzi. Anamzere ankaopa munthu mmodzi, apongozi awo aamuna.

Apongoziwo, bambo awo a Giyawani, anali hedimasitala zaka makumi atatu, ndipo ngakhale anapuma ntchito kalekale, aliyense ankawatchabe a Hedi. Tayi ankavala ngakhale popita kukagula machesi. M'mawa uliwonse ankayenda makilomita asanu, msana uli chilili. Kale ankamwa, ndipo ankamwa zenizeni, mpaka akazi awo anatsala pang'ono kulongedza. Kenako anasiya tsiku limodzi, ndipo panali patapita zaka makumi awiri ndi ziwiri akungomwa tiyi. Mwana wawo atakwatira mtsikana wokolopa, a Hedi sananene mawu oipa. Anangoti, "Chabwino," koma ndi chabwino chozizira chija. Kuyambira pamenepo Anamzere akakhala pamaso pawo, mawu ankawathawa, n'kumangovomera zilizonse.

Chaka chimenecho mwana wotsiriza wa a Hedi, mtsikana woyeza miyala ku mgodi, anabereka mwana wamwamuna. A Hedi anati mdzukulu samuonera pafoni. Lachinayi masana iwo ndi akazi awo anatsika minibasi pakhomo pa Anamzere, atachoka kumunsi m'mawa womwewo.

Anamzere anali atachapa makatani, atasesa mpaka kuseri kwa thanki ya madzi. Anawapatsa chipinda chabwino koposa, ndipo pa tiyi anayesa kulankhula.

"Bambo, kunotu alendo amagona masiku awiri."

"Alendo, eya," anatero a Hedi akupukuta magalasi. "Ife tigona limodzi. Ine ndinkakwera mapiri ndi ana a sukulu inu musanabadwe, apongozi."

"Chabwino, bambo."

Lachisanu m'mawa, potola mbale, Anamzere anaona kuti dzira la a Hedi lili momwe analiikira, buledi wangolumidwa kamodzi. Anaona ndithu, asakunamizeni munthu. Mlendo wina aliyense akanamufunsa pomwepo. Koma anangotenga mbaleyo n'kupita nayo kukhitchini.

Pakhonde alendo khumi ndi awiri anandanda. A Hedi anaima kumapeto kwa khonde, jekete ndi tayi, manja kumbuyo, akuyang'ana zonse ngati abwera kudzayendera sukulu. Anamzere anafunsa mafunso awo, anayendetsa aliyense pa mzere, n'kubweza mmisiri wina wa magetsi kuti akagonenso. Atatha wakhumi ndi chiwiri, anatsala a Hedi okha. A Giyawani anasendera pafupi.

"Mayi, nanga bambo?" ananong'ona.

"Aaa, iwo ayi," anayankha Anamzere. "Mukufuna ndiwayendetse ngati mwana pamaso pa anthu?"

Apongozi aakazi, amene anali atadya dzira lawo ndi kumaliza tiyi wa amuna awo, anadutsa pa mzere mwa kufuna kwawo akuseka. A Hedi anaima kanthawi, kenako anatsokomola pang'ono n'kukakwera minibasi. Anamzere anasiyira mng'ono wawo makiyi a nyumba, n'kukwera nawo atanyamula chikwama cha zovala za mwana.

Kumtunda kunali chisangalalo. Nyumba ya mlamu wa Anamzere, mayi wa khanda uja, inali yaing'ono, ya zipinda ziwiri ndi kakhonde ka m'kati kopita kubafa, matewera atayanikidwa paliponse. Mwana anali ndi mphumi ya a Hedi ndendende, ndipo aliyense ananena zimenezo katatukatatu. Mkamwini, munthu woyendetsa makina okumba, ankangozungulira ndi ketulo osadziwa woti amuthirire. A Hedi ananyamula mdzukulu, anamwetulira, n'kumubweza msanga. Madzulo onse anakhala pampando osalankhula, ndipo mpunga sanaukhudze. Anthu anati ndi kutopa kwa ulendo. Anamzere anawayang'ana kangapo, koma pakamwa panakana kutseguka.

Loweruka a Hedi sanatuluke kudzamwa tiyi.

"Akupuma," anatero apongozi aakazi, ataima pachitseko cha chipinda.

Cha m'ma leveni anali akupumabe. Anamzere atapita kuseri kukataya madzi, anapeza apongozi aakazi akutsuka beseni pampopi, misozi ili chuchuchu.

"Amayi, kwagwanji?"

Mayiwo anayang'ana uku ndi uku, n'kuwakokera pafupi.

"Apongozi, mundisungire chinsinsi. Bambo anu ayambiranso."

"Ayambiranso chiyani?"

"Mowa! Zaka zonsezi, lero adzandichititse manyazi kwa mkamwini. Asanza kawiri. Popita kubafa akugunda makoma. Akulankhula zosamveka, ati belu lalira kapena ayi. Ine zimenezi ndimazidziwa, ndinakhala nazo zaka khumi ndi zisanu. Botolo ndalifuna paliponse, sindinalipeze, kaya wawapatsa ndani. Ndawatsekera kuti agone. Ukawathera m'mutu adzuka, palibe adziwe."

Anamzere anawayang'ana m'maso.

"Fungo la mowa mwalimva?"

"Ndi chimfine changachi ndimve chiyani?"

"Ayamba liti kugunda makoma?"

"M'mawa uno."

Anamzere anaika ndowa pansi. Ankadziwa zimene tulo totere timachita. Anaonapo anthu amene anzawo, powayesa oledzera, anawafunditsa bulangete kuti agone mowa utsike, ndipo sanadzuke. Ankadziwanso kuti mlandu wonse ndi wawo. Dzira lija analiona. Manyazi anapha lambe, ndipo tsopano manyazi awo ndi a apongozi aakazi anali atagwirizana kupha a Hedi.

Chipinda chimene agona apongozi aamuna si cholowamo mkazi wa mwana wawo. Pa zaka khumi ndi zisanu za ukwati, Anamzere anali asanapondemo ngakhale kukasiya madzi. Anagogoda kamodzi, n'kutsegula.

A Hedi anali atakhala pabedi, atavala tayi pamwamba pa vesiti, nsapato imodzi ili m'manja. Ankaiyang'ana ngati sakudziwa ntchito yake. Fungo la mowa munalibe. Patebulo panali kapepala ka mapiritsi a mutu, onse atatha.

"Ana alowa m'kalasi?" anafunsa a Hedi, lilime likulemera.

Anamzere anatuluka, anatenga paudala wa mwana pawindo, n'kuthira mzere woyera pakakhonde ka m'kati, kuchoka pachitseko mpaka kubafa. Mlamu wawo anatuluka ndi mwana kudzaona. Mkamwini anabwera ndi ketulo yake. A Giyawani anasuzumira kuchokera pabalaza.

"Bambo, chonde, imirirani muyende apa," anatero Anamzere ndi mawu aang'ono aja.

"Ine si mwana wa sukulu, apongozi. Ndisiyeni ndigone." A Hedi anayamba kupendekera ku pilo.

"Apongozi, mukutani kodi?" Amayi aja anawagwira mkono. "Ndati mundisungire, inu mukuitana anthu? Tsekani chitseko!"

Pamenepo mawu aja amene amaimitsa malole pakhonde la Anamzere anatuluka okha.

"Bambo! Imirirani! Pano hedi ndine! Ndati imirirani!"

Mwana analeka kuyamwa. Mkamwini anaika ketulo pansi. A Giyawani, amene sanamvepo munthu akukweza mawu kwa bambo awo, anatsegula pakamwa osatsekanso. Ndipo a Hedi, munthu amene moyo wake wonse ankalemekeza lamulo likanenedwa ngati lamulo, anaimirira.

Phazi loyamba linaponda pa mzere. Lachiwiri linapita kwina, thupi n'kulitsatira, ndipo akanamenyetsa mutu kukhoma a Giyawani akanapanda kuwawakha.

"Si mowa, amayi," anatero Anamzere. "Ndi phiri. Amuna anga, lizani galimoto. Alamu, bulangete. Inu, siyani ketuloyo, nyamulani miyendo. Zikwama zitipeza."

Anadzera pa kachipatala ka pamgodi. Dokotala wa pamenepo anangowayang'ana m'maso, n'kuwafunsa tsiku, a Hedi n'kuyankha kuti ndi tsiku lotsekera sukulu. Anawabaya jakisoni, anaona ngati silinda ya m'minibasi ili yodzaza, n'kunena kuti, "Tsikani nawo pompano, osaima pena paliponse. Ndiimbira foni kumunsi."

Anthu a msewu umenewo amakambabe kuti tsiku limenelo a Giyawani anafika giya yachitatu. Anamzere anakhala kumbuyo, dzanja limodzi litagwira chopumira pankhope ya a Hedi, lina likuwagwedeza phewa. Apongozi aakazi anali mbali inayo, akupemphera ndi kupepesa mosinthanasinthana. Maso a a Hedi ankangotsekeka, ndipo Anamzere anafuna chowalankhulitsa kuti adziwe ngati akumvabe. Nkhani yocheza ndi apongozi analibe. Chimene chinabwera m'mutu ndi masamu.

"Bambo, thuu taimusi thuu?"

Maso a a Hedi anatsekekanso.

"Bambo! Faifi taimusi faifi?"

A Hedi anang'ung'udza zosamveka. Minibasi inadutsa nyumba ya Anamzere osaima, mng'ono wawo ataima pakhonde manja ali m'mutu. Makona ankatha mmodzimmodzi, mitengo inayamba kuoneka, mphepo yolowa pawindo inayamba kufunda. Anamzere anapitiriza kufunsa, akudziyankha okha, ndipo masamu awo a kalekale anayamba kuwathera.

"Seveni taimusi eyiti, bambo? Fifite foo. Eyiti taimusi eyiti?"

Dzanja la a Hedi linakwera pang'onopang'ono, n'kukankha chopumira chija.

"Fifite sikisi, apongozi," anatero ndi mawu otopa. "Seveni taimusi eyiti ndi fifite sikisi."

A Giyawani anaseka mpaka misozi, chiwongolero chili m'manja. Apongozi aakazi anakuwa kuthokoza Mulungu. Anamzere anabwezeretsa chopumira pamalo pake, ndipo aka kanali koyamba kukondwa atakonzedwa ndi a Hedi.

Kuchipatala cha kumunsi a Hedi anagona masiku atatu. Madokotala anati akanagona kumtunda kuja tsiku lina limodzi, nkhani ikanakhala ina. Masiku onsewo Anamzere sanalowe m'wodi. Ankaphika supu, n'kupatsira amuna awo, iwo n'kukhala pabenchi panja, pakhonde lomwe ankakolopa ali mtsikana. Mantha a imfa atatha, anabwera mantha ena. Anali atalowa kuchipinda kwa apongozi, atawakalipira pamaso pa mkazi wawo, ana awo ndi mkamwini. Munthu ngati a Hedi angakhululuke zambiri, koma zimenezo Anamzere sankaona kuti zingatheke.

Tsiku lachitatu masana a Giyawani anatuluka akukanda m'mutu.

"Akukuitanani."

"Akwiya?"

"Avala tayi."

Anamzere analowa. A Hedi anali atakhala tsonga pabedi, magalasi ali pamphuno. Akazi awo anali pampando, ndipo zinkaoneka kuti mlandu wawo unali pakati.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikumwa tiyi," ankatero a Hedi, "inu tsiku limodzi lokha mwandigamula."

"Nanga inu munkadzandira chimodzimodzi ngati kale, ine ndikanatani?" anayankha amayiwo. "Ndapepesa kasanu, bambo. Kachisanu ndi chimodzi mudikire mawa."

A Hedi anapukusa mutu, koma pakamwa pankafuna kuseka. Kenako anatembenukira kwa Anamzere, nkhope n'kuuma.

"Apongozi, munandilakwira."

"Pepani, bambo," anatero Anamzere maso ali pansi. "Pakamwa pangapa. Sindinafune kukukalipirani, kungoti..."

"Sindikunena za Loweruka. Ndikunena za Lachisanu, pakhonde panu."

Anamzere anadzutsa mutu.

"Anthu khumi ndi awiri munawafunsa. Ndinawawerenga. Anthu osawadziwa, ena osawaonanso mpaka kale. Mmisiri wa magetsi munamubweza chifukwa cha mutu. Ine, bambo wa amuna anu, munandidumpha." A Hedi anavula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ngakhale anali oyera. "Mutu unkandipweteka kuyambira Lachinayi madzulo. Tulo sindinatione. Nditadzitama kale za mapiri aja, ndikananena bwanji ndekha? Ndiye ndinaima kumapeto kwa khonde kuja kudikira kuti mufike pa ine. Ine sindinama, apongozi. Mukanandifunsa, ndikanakuuzani."

Mawu amenewo anawalasa Anamzere kuposa kukalipa kulikonse. Masiku atatu anakhala pabenchi akuopa mlandu wa mwano, osadziwa kuti mlandu wawo ndi wa ulemu. Anaona m'maganizo mkulu uja ataima yekha ndi jekete yake, mutu ukuwawa, akudikira funso limene aliyense anapatsidwa. Analira, kulira kwenikweni kwa mamina, mpaka wodwala wa bedi loyandikana anadzuka kudzaona.

"Basi, basi," anatero a Hedi, akutulutsa mpango m'thumba. "Anthu aziti ndafa. Nanenso ndinalakwa, munandiuza za masiku awiri ine n'kuchita makani. Amayi, sunthani, apongozi akhale."

Apongozi aakazi anasuntha. Anamzere anakhala, akupukuta m'maso ndi mpango wa a Hedi.

"Tamverani, mwana wanga. Ondiopa ndili nawo ambiri, tauni yonseyi ndinaiphunzitsa ine. Onsewo akanandisiya ndigone. Inuyo musadzandiopenso."